Phewa la mwana wanga limangoguluka, vuto n'chiyani?

Mayi wina wa ku Chia, m'boma la Nkhotakota, watumiza imelo. Mwana wake wa zaka 19, msodzi, anagwa pokankha bwato ndipo phewa linaguluka. Anzake analikoka pagombe pomwepo n'kubwerera m'malo. Tsopano limaguluka ngakhale pokoka chilimira kapena povala malaya. Akufunsa ngati fupa linathyoka, kapena mwanayo ali ndi mafupa ofooka.

Mayi, pepani ndi nkhawayi. Kawirikawiri vuto lotere silikhala kufooka kwa mafupa. Gwero lake ndi mmene phewa linapangidwira.

Paphewa pamakumana mafupa atatu. Loyamba ndi fupa lalitali la mkono, lochokera pachigongono, lomwe madokotala amati humerus. Lachiwiri ndi lophwatalala lija la kumsana, scapula, limene limatsetsereka pamwamba pa nthiti. Lachitatu ndi lopingasa m'munsi mwa khosi, clavicle, ndipo ndi lokhali limene limalumikiza mkono wonse ku fupa la pachifuwa. Kwina konseko mkono umagwiridwa ndi minofu.

Nkhani yanu ili pamene mutu wa humerus umakumana ndi scapula. Fupa la ntchafu limakhala m'chiuno ngati munsi mumtondo, koma la mkono lili ngati munsi womwewo mutauimika pakambale kosazama. Kadzenje ka pa scapula, kotchedwa glenoid, kamangokhudza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mutu wa fupalo. N'chifukwa chake mkono umatha kuzungulira, kupalasa nkhafi, kutula mtolo pamutu ndi kukanda kumsana, zomwe mwendo sungachite. N'chifukwa chakenso phewa limaguluka kuposa mfundo zina zikuluzikulu za m'thupi.

Chimaligwira n'chiyani nanga? M'mphepete mwa kadzenjeko muli mkombero wolimba wotchedwa labrum, umene umakazamitsa pang'ono. Pamwamba pake pakuta kathumba ka minyewa, kenako minofu inayi yochokera ku scapula, yomwe pamodzi imatchedwa rotator cuff, imakanikiza mutu wa fupa kuti usasunthe pamalo pake. Phewa likaguluka, nthawi zoposa 90 pa 100 zilizonse limatulukira kutsogolo, ndipo potuluka limang'amba mkombero uja. Dokotala wa ku Britain, Arthur Bankart, anafotokoza kung'ambika kumeneku mu 1923, ndipo mpaka lero kumadziwika ndi dzina lake. Fupa limabwerera, koma mkombero nthawi zambiri sumatiriranso pamalo ake. Khomo limatsala lotseguka. Kwa achinyamata osapitirira zaka 20, ambiri limawagulukanso, makamaka mkono ukakwezedwa n'kutembenuzidwira kumbuyo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi kukokana kwa pagombe kuja. Ndikudziwa anzakewo anachita mwachikondi, komatu pansi pa mfundoyi pamadutsa mtsempha umene umapatsa mphamvu mnofu waukulu wa paphewa. Ukaphwanyika, kunja kwa phewa kumachita dzanzi ndipo mkono umakanika kukwera. Komanso nthawi zina fupa limakhala litabenthuka, ndiye kulikoka popanda X-ray n'kuwonjezera bala. Kuguluka kulikonse kumaperesa m'mphepete mwa mafupa awiriwa, moti kotsatira kumabwera mosavuta.

Mutengeni mupite naye kuchipatala cha boma ku Nkhotakota, mukapemphe kuonana ndi a za mafupa. Zipatala zathu za m'maboma zimakhala ndi ma orthopaedic clinical officer, omwe ntchito yawo ndi imeneyi. Akamujambula, akamuyeza ngati pali dzanzi, ndipo akamuphunzitsa mafizo olimbitsa minofu inayi ija. Mafizowo azichita tsiku ndi tsiku kwa miyezi, osati sabata imodzi n'kusiya. Ngati likupitirizabe kuguluka, akhoza kumutumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kuti akaone ngati pakufunika opaleshoni yosoka mkombero uja.

Pakadali pano ayambe wapuma kukoka khoka ndi kunyamula injini. Likagulukanso, mangani mkonowo ndi chitenje pachifuwa, musamupatse chakudya chifukwa mwina akamugoneka tulo polibwezera, ndipo muthamange naye tsiku lomwelo.