Mount yolemera ija, bwanji nyenyezi zikutulukabe ngati timizere?

Achimwene ena a ku Lilongwe anditumizira imelo sabata yathayi. Akuti mkulu wawo wa ku Joni wawabweretsera Sky-Watcher EQ6-R Pro yogwiritsidwapo kale ntchito, yomwe ndi mount, chipangizo chonyamula telesikopu nkumaizunguliza motsatira nyenyezi, aikapo telesikopu ndi kamera, koma chithunzi chilichonse chopitirira masekondi 30 nyenyezi zikutuluka zazitali ngati mpunga. Akufunsa kuti kodi mount yake ndi yakufa, komanso akuti mavidiyo onse a pa YouTube akungoti polozetsa mount yang'anani Polaris, nyenyezi yolozera kumpoto, iwo afufuza mpaka khosi kuwawa osaipeza.

Achimwene, siyani kuifufuza, kuno kulibe. Polaris ndi ya anthu a kumpoto kwa equator, ife tili kum'mwera ndiye imakhala kunsi kwa dziko usiku wonse, chaka chonse. Amene amapanga mavidiyowo ambiri ali ku Ulaya ndi ku America ndiye amangolankhula za kwawo. Ndipo mount yanuyo mwina ilibe vuto, mwangoilozetsa kolakwika.

Dziko limazungulira kamodzi pa maola 23 ndi mphindi 56, ndiye thambo limaoneka ngati likusuntha madigiri 15 pa ola. Ntchito ya equatorial mount ndi kuzungulira motsatira thambolo, koma izi zimatheka pokhapokha ngati mzere wake waukulu waloza ndendende pamalo pamene thambo lonse likuzungulirapo. Kwa ife malowo ali kum'mwera, ndipo kutalika kwake kuchokera pansi kumafanana ndi latitude ya pamene mwaima. Ku Lilongwe ndi madigiri pafupifupi 14, ku Blantyre pafupifupi 16, ku Mzuzu 11 ndi theka. Tambasulani mkono mukunge chibakera, chibakera chimodzi ndi madigiri ngati 10, ndiye mukuona kuti ndi pansi kwambiri, mtengo wa mango wa aneba kapena mpanda wa njerwa ukhoza kukubisirani.

Nyenyezi yoyandikira pamenepo ndi Sigma Octantis, koma ndi yozilala zedi, mu tauni ndi magetsi onse aja simuiona ndi maso. Ine ndinataya mausiku atatu nditagwada pa udzu wonyowa ndi mame, diso pa kapolar scope, katelesikopu kakang'ono ka m'kati mwa mount kolozetsera, udzudzu ukundidya m'akakolo, ndipo zomwe ndinkayesa kuti ndi Octans, gulu la nyenyezi lomwe muli Sigma Octantis, zinali nyenyezi zina. Ndinasiya. Pano ndimalumikiza kamera ku laputopu ndi kutsegula pulogalamu ya NINA, ndi yaulere, ili ndi chida chotchedwa Three Point Polar Alignment chomwe sichifuna kuti muone kum'mwerako ayi. Imajambula malo atatu pathambo, nkuwerengera yokha, kenako imakuuzani kuti kwezani pang'ono, pititsani kumanzere pang'ono, inu nkumangopotokola mabawuti a mount a altitude (okweza ndi kutsitsa) ndi azimuth (opititsa kumanzere ndi kumanja) mpaka manambala atsike. Pang'onopang'ono, chifukwa mount yolemera chonchi mukaipotokola mwaukali mumapitirira. Ndipo musamange bawuti ina musanamasule inzake ya mbali inayo, zimapindika zija.

Musanafike konseko onaninso zomwe munalemba mu SynScan, karimoti koyendetsera mount. Latitude ikhale S osati N, longitude E, nthawi +2, daylight saving ayi. Ndipo deti imayamba ndi mwezi kenako tsiku, mwachimereka. Mukalemba 05/07 poganiza kuti ndi 5 Julaye iyo imamva kuti 7 Meyi, ndiye mukaiuza kuti ipite pa nyenyezi inayake imakalozera padenga la nyumba.

China chomwe anzathu a kumpoto sakumana nacho: chifukwa mutu wa mount umakhala chogona kwambiri pa madigiri 14, zitsulo zolemera zija, ma counterweight a makilo 5 chilichonse, zimatha kugunda mwendo wa tripod. Yesani kuizunguliza ndi dzanja masana, makilatchi atamasulidwa, muone ngati zikudutsa. Ngati zikukhudza, pier extension, chitsulo chokweza mutuwo pamwamba pa tripod, imathetsa nkhaniyo.

Za kulemera. Pa pepala EQ6-R imanyamula makilo 20, koma pojambula ine sindidutsa 12 kapena 13, kuphatikiza kamera, guide scope (katelesikopu kakang'ono kolondolera nyenyezi) ndi mawaya omwe. Balansani mbali zonse ziwiri, ndipo mbali ya kum'mawa izilemerako pang'ono kuti magiya azikhala ogwirana nthawi zonse. Mawaya mumange bwino, waya umodzi wokoka pa mwendo ndi wokwanira kuwononga chithunzi cha mphindi zisanu. Mutu wa mount wokhawo ndi makilo 17, ndiye nyamulani padera padera, msana ndi umodzi achimwene.

Mukatha zonsezi masekondi 60 akuyenera kutuluka bwino ngati telesikopu yanu si yaitali kwambiri. Kuti mufike mphindi 3 kapena 5 mukufunika kakamera kena kolondola nyenyezi imodzi ndi pulogalamu ya PHD2, nayonso yaulere, ndipo kulondolako ndi komwe amati guiding. Koma musathamangire kugula musanakonze kulozetsa, guiding siibisa zonse, nyenyezi za m'makona zimayamba kuzungulira. Magetsi ndi 12V, ndipo batire ikayamba kutsika mount imachita zachilendo, kuima pakati pa ulendo, kulira mwina, mpaka munthu nkuganiza kuti yapsa.

Poyesa koyamba musavutike ndi zinthu zozilala. Kuyambira Marichi mpaka Juni lozani Eta Carinae kapena Omega Centauri, zili pafupi ndi Southern Cross ndipo anzathu a ku London sazionako nkomwe. Juni ndi Julaye pakati pa mlalang'amba pamadutsa pafupifupi pamutu, kukuzizira inde koma thambo limayera. Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa kutchire umasokoneza, makamaka chapansi pomwe pali kum'mwera kwathuko. Ndiye yambani pano, ndipo chithunzi choyamba cha masekondi 60 munditumizire chisanakonzedwe, ndione makona ake.