Kodi malipiro a dokotala wa opaleshoni ya m'kamwa ndi nsagwada amadalira chiyani?

Mwafunsa kuti dokotala wa opaleshoni ya m'kamwa ndi nsagwada amalandira zingati, komanso n'chifukwa chiyani anthu awiri amene anaphunzira kalasi imodzi amasiyana kutali pa malipiro. Chimene chimawasiyanitsa kwambiri ndi mtundu wa ntchito imene imadzaza tsiku lawo, ndiponso amene ali mwini wake wa chipatalacho.

Ku America, ziwerengero za 2023 za bungwe la boma losonkhanitsa ziwerengero za ntchito la Bureau of Labor Statistics zinaika malipiro apakatikati a ntchitoyi pa madola 239,200 kapena kuposerapo pachaka. Koma munthu amafika pamenepo mochedwa: zaka 4 za digiri yoyamba, zina 4 za udokotala wa mano, kenako zaka 4 mpaka 6 akuphunzira opaleshoni m'chipatala pa malipiro ochepa, ngongole ya fizi ikubereka chiwongoladzanja.

Ndalama zambiri zimachokera ku ntchito zazifupi zobwera tsiku ndi tsiku: kuchotsa mano otsiriza kumera amene akanirira m'fupa, kuika ma implant (tizitsulo toikidwa m'fupa kuti tigwire dzino lochita kupanga), ndi kuwonjezera fupa pamene lachepa. Dzino lokwiririka lonse m'fupa limalipiritsidwa kuposa lophimbidwa ndi nkhama zokha. Ku America madokotalawa amagonetsanso wodwala okha, ndipo mankhwala ogonetsa ali ndi bilu yakeyake, yowerengedwa pa mphindi 15 zilizonse. Pomwe kulumikiza nsagwada yothyoka pangozi pakati pa usiku, kapena kuchotsa chotupa, kumadya maola ambiri, koma inshuwalansi, makamaka ya boma ya Medicaid, imabweza zochepa poyerekeza ndi nthawiyo. N'zomvetsa chisoni, chifukwa odwala amenewa ndi amene amafunikitsitsa dzanja la katswiri.

Pamene ambiri amapwetekeka ndi pa kontrakiti. Wolembedwa ntchito pachipatala cha munthu wina nthawi zambiri amalandira peresenti, ndiye funsani: peresenti ya chiyani? Tiyerekeze kuti pamwezi mwagwira ntchito ya madola 100,000, koma inshuwalansi itadula ndipo odwala ena osalipira, zalowa 80,000. Pa 35 peresenti, akawerengera pa ntchito imene mwagwira mupeza 35,000, akawerengera pa ndalama zimene zalowa mupeza 28,000. Onaninso ngati mtengo wa ma implant ndi wa labu yopanga mano oikirira ukuchotsedwa musanagawane, amene akulipira inshuwalansi yokutetezani pa milandu (mtsempha wa m'nsagwada ukavulala, mlomo umatha kuchita dzanzi mpaka kalekale, ndipo odwala amasumira), ndiponso mtunda umene mukuletsedwa kugwiramo ntchito mukachoka.

Mwini chipatala ndiye amapeza zambiri, koma atayamba walipira lendi, antchito, makina ojambula fupa ndi zipangizo zogonetsera. Odwala ake ambiri amachita kutumizidwa ndi madokotala ena a mano, choncho awiri kapena atatu mwa iwo akasiya kutumiza, ndalama zimatsika mwezi womwewo. M'mizinda ikuluikulu mmene akatswiri achulukana, kulimbirana odwala kumeneku kumakula.

Ku Britain zimayenda mwina. Wa opaleshoni ya nkhope ndi nsagwada amafunika kukhala ndi madigiri onse awiri, ya mano ndi ya udokotala, ndipo mu NHS (zipatala za boma za kumeneko) malipiro a consultant, amene ndi dokotala wamkulu womaliza maphunziro a ukatswiri, amatsata sikelo imodzi yokwera ndi zaka zimene wagwira. Wofuna zoposa pamenepo amaonanso odwala olipira okha kunja kwa maola a NHS.