Mukafika ku France, yambani ndi mawu a pabanja

Inu amene mwangofika kumene kuno ku France, Chingerezi chomwe mwabwera nacho chikuthandizani pa zambiri, koma pa nkhani za banja musachidalire. Ku préfecture (ofesi ya boma yoona za mapepala a alendo), kusukulu kwa ana, ku CAF kofunsira chithandizo cha ana, konseko amayamba ndi kufunsa za banja lanu.

Pa fomu pakalembedwa nom, akufuna dzina la makolo. Dzina lanu loyamba ndi prénom. Amayi okwatiwa, nom de naissance ndi dzina lobadwa nalo, ndipo ndilo boma la kuno limaliona ngati lenileni; la amuna anu limalowa pa nom d'usage. Mukaona pacsé musachonge poganiza kuti ndi ukwati. Umenewo ndi mgwirizano wa anthu awiri okhalira limodzi, wotchedwa PACS, womwe unakhazikitsidwa mu 1999. Okwatirana ndi marié.

Pomwe ndimadandaula kwambiri ndi pa mawu akuti frère (mchimwene) ndi sœur (mchemwali). M'chinenero chathu mwana wa bambo aang'ono ndi m'bale wako basi, koma muofesi ya kuno frère ndi wobadwa naye kwa makolo amodzi. Ngati mwangofanana kholo limodzi ndi demi-frère, ndipo enawo onse ndi cousin kapena cousine. Mukamutchula cousin wanu kuti frère, kenako mapepala n'kuonetsa makolo osiyana, amayamba kukayikira ngakhale zoona zomwe mwanena. Chonde, apa samalani.

Pali mawu ena omwe Chingerezi chimasiyanitsa koma Chifalansa chimaphatikiza. Belle-mère ndi apongozi aakazi, komanso ndi mayi opeza. Belle-fille akhoza kukhala mkazi wa mwana wanu kapena mwana wamkazi wopeza. Ma femme ndi mkazi wanga, une femme ndi mzimayi aliyense. Sa mère sakuuzani ngati mayiwo ndi a mwamuna kapena a mkazi, mumamvera pa nkhani yonse.

Ulemu wokha sutivuta ife, chifukwa tu ndi vous n'chimodzimodzi iwe ndi inu. Apongozi, aphunzitsi a ana, adokotala, onsewo ndi vous mpaka eni ake atanena kuti on peut se tutoyer, kutanthauza kuti tikhoza kumauzana kuti tu. Musadabwe kumva ana akuti tu kwa mamie ndi papi, agogo awo. Kuno si mwano.

Mukamusowa munthu mumati tu me manques. Mukatembenuza n'kunena je te manque, ndiye kuti mukumuuza kuti iyeyo ndiye akukusowani. Potsanzikana ndi ana nenani bisous kapena je t'embrasse. Un baiser, kutanthauza mpsopsono, palibe vuto, koma osanena je te baise, kumeneko n'kutukwana koopsa.

Setifiketi ya kubadwa kapena ya ukwati ikakhala ya m'Chingerezi, musamasulire nokha ngakhale Chifalansa mutachidziwa bwanji. Maofesi amafuna yomasuliridwa ndi traducteur assermenté, womasulira wolumbiritsidwa, ndipo mndandanda wa mayina awo umapezeka ku cour d'appel, khothi la apilo.