Dzino likuwawa ku Leeds: ndipirire mpaka Disembala kapena ndilipire?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Leeds, mzinda wa ku England, ndipo wandilola kumuyankhira pano bola ndisamutchule dzina. Anabwera chaka chatha pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, ali ndi mwana wa zaka 6. Dzino lake la kunsagwada linabooka kalekale, koma tsopano layamba kumudzutsa usiku, madzi ozizira sakuyerekeza n'komwe. Kwa GP, dokotala wa m'dera amene munthu amayambira kupitako akadwala, anamuuza kuti za mano iwo sakhudza. Zipatala za mano za pafupi zimene waimbira foni zonse zikuti odwala a NHS (thandizo la zaumoyo la boma) sizikulandira, koma akafuna kudzilipirira malo alipo mawa lomwe. Ndiye akufunsa kuti angopirira ndi panado mpaka Disembala akazulitse kumudzi motchipa, kapena pali njira ina imene sakuidziwa?

Achemwali, Disembala ali patali. Dzino limene limayamba kuwawa lokha usiku, osalikhudza, nthawi zambiri ndiye kuti kuwola kwafika pa mtsempha wa m'kati, ndipo pamenepo silichiranso lokha. Choopsa chake n'chakuti lingathe kusiya kuwawa kwa masabata angapo inu n'kumati Mulungu wayankha, pomwe mtsempha wafa ndipo tizilombo tikutsikira ku muzu. Chotsatira ndi mafinya ndi tsaya lotupa. Komanso dzino la mafinya ndi ndege sizigwirizana, chifukwa mpweya ukamasintha kumwambako ululu umatha kukula. Ulendo wodzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi ndi wautali kwa munthu wogwira tsaya.

Mu imelo yanu mwaphatikiza nkhani ziwiri, ndipo kuno chilichonse chili ndi khomo lakelake. Yoyamba ndi ululu wa lero. Yachiwiri ndi kupeza dokotala wa mano woti muzipitako chaka ndi chaka. Inu mwakhala mukugogoda khomo lachiwiri pamene vuto lanu ndi loyamba.

Za ululu wa lero, imbani 111, nambala ya NHS ya ofuna thandizo lamsanga, kapena lowani pa webusaiti ya NHS 111. Ndi yaulere, usana ndi usiku. Akufunsani mafunso ambiri, ena ooneka ngati osakhudzana ndi dzino, koma yankhani mofatsa ndipo musachepetse ululu wanu. Ife tinaleredwa kuti munthu wamkulu sadandaula, akatifunsa timati "pang'ono chabe" misozi ili m'maso. Apa ulemu umenewo ukuchedwetsani. Ngati simukugona, nenani kuti simukugona. Ngati mankhwala sakugwiranso ntchito, nenani choncho. Ngati pali kutupa kapena thupi likutentha, muyambire pomwepo. Iwo ndi amene amadziwa zipatala zimene zasungira malo anthu ofunika thandizo lamsanga, ndipo malowo angakhale kutali ndi kumene mukukhala, mwina ku Bradford kapena ku Wakefield. Kwerani basi mupite. Kumeneko ntchito yawo ndi kuletsa ululu: kutulutsa mafinya, kumata mongoyembekezera, kapena kuzula ngati palibenso chopulumutsa. Pa mitengo imene inayamba mu Epulo 2025 ku England, thandizo lamsanga lotereli linali £27.40.

Ku A&E, mbali ya chipatala yolandira odwala mwadzidzidzi, musapite ndi dzino longowawa, mukakhala pa mpando usiku wonse n'kubwerako ndi panado yemweyo. Koma kutupa kukayamba kutsikira kukhosi kapena kukwera kudiso, mukamavutika kumeza, kupuma kapena kuyasamula, kapena magazi akakana kusiya, musaimbirenso wina aliyense. Pitani ku A&E kapena imbani 999, nambala ya ambulansi. Mafinya a dzino akafika pakhosi amapha.

Podikira tsikulo, panado wa 500mg munthu wamkulu amamwa awiri, osapitirira kanayi pa maola 24. Chenjerani ndi mankhwala a chimfine ngati Lemsip, chifukwa m'kati mwake mulinso panado yemweyo, ndipo kuwonjeza kumawononga chiwindi mwakachetechete. Bufeni amathandiza kwambiri pa dzino, koma mumwe mutadya, ndipo ngati muli ndi zilonda za m'mimba, mphumu, vuto la impso kapena ndinu woyembekezera, funsani kaye ku famase. Madzi ofunda a mchere ochukucha m'kamwa ndi abwino. Aspirini woika pa dzino lobookalo ayi, amangowotcha nkhama. Ndipo makapisozi aja a amoxicillin amene ambiri a ife tinalongedza m'chikwama pochoka kumudzi, ndikudziwa kuti mwawayang'ana kale. Angathe kuphwetsa chotupa kwa kanthawi, koma gwero lake lili m'kati mwa dzino, mmene mankhwalawo safika bwino. Chidzabweranso.

Tsopano khomo lachiwiri lija. Choyamba musadzione ngati akukusalani. Vutoli ndi la dziko lonse, ndipo eni dziko akulira nalonso. Mu 2022 a BBC anaimbira zipatala za mano za NHS pafupifupi zonse za mu UK, n'kupeza kuti 9 mwa 10 zilizonse sizinkalandira akuluakulu atsopano. Mu Febuluwale 2024, chipatala china chitatsegulidwa ku St Pauls mu mzinda wa Bristol, anthu mazanamazana anafola panja m'chisanu ngati mzere wa feteleza wa makuponi, mpaka apolisi anabwera. Chinayambitsa zonsezi ndi mgwirizano wa mu 2006 pakati pa boma ndi madokotala a mano. Zipatala za mano zambiri kuno ndi mabizinesi a anthu, ndipo NHS imagula kwa chilichonse ntchito yochuluka mwakutimwakuti pa chaka, yowerengedwa m'mapointi. Mapointiwo akatha, ndalama zathanso. Kwa zaka zambiri dokotala ankalandira mapointi ofanana kaya wamata dzino limodzi kaya angapo, ndiye munthu watsopano wobwera ndi m'kamwa modzaza mavuto anali woluzitsa chipatala ndalama. Anasinthako pang'ono mu 2022, koma madokotala ambiri anali atatembenukira kale kwa odzilipirira. Woyankha foni kuchipatala uja akamati malo a NHS kulibe koma olipira alipo, kawirikawiri sakunama.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti za mano sizili ngati za GP. Kwa GP mumalembetsa malinga ndi dera limene mukukhala, koma kwa dokotala wa mano ku England kulibe malire a dera. Mungakhale ku Leeds n'kumapita ku chipatala cha ku Huddersfield, kapena cha pafupi ndi kuntchito kwanu. Pa webusaiti ya NHS pali poti mulembe positikodi yanu n'kuona zipatala zimene zati zikulandira, koma zolembedwazo nthawi zina zimakhala zakale, ndiye foni ndi imene imanena zoona. Imbani m'mawa, mufunse zinthu zitatu: ngati akulandira akuluakulu a NHS, ngati ali ndi mndandanda wa odikira woti akulembenipo, ndiponso ngati akulandira ana. Lachitatuli musaliiwale, chifukwa zipatala zina zimakana akuluakulu koma ana zimatenga, ndipo mwana wanu salipira kalikonse. Lembetsani pa mindandanda ingapo, palibe lamulo loletsa. Funsaninso kutchalitchi ndi m'magulu athu a pa WhatsApp, pakuti chipatala chikatsegula malo, nkhani imafika kumeneko webusaiti isanasinthidwe.

Mukawapeza malowo, agwireni. Ku England saloledwa kukulipiritsani chifukwa chojomba pa tsiku la NHS, koma ali ndi ufulu wokuchotsani pa mndandanda wawo, ndipo ambiri amachotsanso munthu amene watha zaka ziwiri osaoneka. Ndi mashifiti a ntchito yanuyo, amene amasintha Lachinayi madzulo, imbani msanga musinthe tsiku.

Za ndalama. Viza yanu ya Health and Care Worker inakuchotserani msonkho wa zaumoyo uja wa £1,035 pa chaka umene anzathu a maviza ena amalipira, ndipo NHS ndi yanu ngati wina aliyense. Koma kaya munthu analipira msonkhowo kaya ayi, mano a akuluakulu si aulere. Ku England mitengo ili m'magulu atatu, ndipo imakonda kukwera mu Epulo. Ya mu Epulo 2025 inali iyi: gulu loyamba £27.40, la kupima, kujambula ekisire ndi kutsuka ngati dokotala waona kuti n'kofunika. Lachiwiri £75.30, la kumata, kuzula ndi root canal (kuchotsa mtsempha wa m'kati mwa dzino n'kulimata). Lachitatu £326.70, la crown (kachipewa kovekedwa pa dzino), mano oikirira ndi zina zopangidwa ku labu. Simuphatikiza mitengoyi, mumalipira wa gulu lalikulu limene mwafikapo basi, ndipo ngakhale akumateni mano atatu pa ndondomeko imodzi ya chithandizo, mtengo ndi wa gulu lachiwiri womwewo. Owerenga a ku Scotland, kwanuko n'kosiyana: kupimitsa n'kwaulere kwa aliyense, ndipo osakwana zaka 26 salipira chithandizo.

Osalipira ku England ndi ana osakwana zaka 18, osakwana 19 amene ali pa sukulu, amayi oyembekezera ndi amene abereka m'miyezi 12 yapitayi (azamba ndi amene amakuthandizani kupeza chiphaso chake), komanso olandira mitundu ina ya thandizo la boma. Pa fomu pamakhala timabokosi ta zimenezi. Musachonge kabokosi kongoganizira, chifukwa amafufuza, ndipo kalata imabwera kunyumba ndi chindapusa chofika £100 pamwamba pa mtengo weniweniwo. Ngati malipiro akuchepa, pali fomu ya HC1 yopemphera kuchotseredwa mtengo wonse kapena mbali yake. Imeneyi sili m'gulu la ndalama za boma zimene viza yanu imakuletsani, ndiye musaiope.

Tsiku lopita, fikani mofulumirako chifukwa pali fomu ya mbiri ya umoyo wanu. Lembani zoona zokhazokha: BP, shuga, ma ARV, mankhwala osungunula magazi, pathupi. Zimenezi sizipita kwa abwana anu, koma zimasintha mankhwala amene dokotala angakupatseni ndi mmene angakonzekerere magazi. Akakugonekani pa mpando uja, akupatsani magalasi oteteza maso, nyali ili pankhope, ndipo mudzamva dokotala akutchula manambala ndi zilembo namwino akulemba pa kompyuta. Sakukunenani, akuwerenga mano limodzilimodzi. Kenako kachipangizo kolimba koti mulume pojambula ekisire, kamene kamapweteka pansi pa lilime kuposa jakisoni amene mukumuopayo. Jakisoni wa dzanzi amaluma kamphindi, kenako mlomo umalemera ngati si wanu kwa maola angapo. Mukamvabe kuwawa ali mkati mogwira ntchito, kwezani dzanja, awonjezera.

Asanayambe chilichonse cha gulu lachiwiri kapena lachitatu, ayenera kukupatsani pepala lolembapo zimene achite ndi mtengo wake, mbali ya NHS payokha, ya kudzilipirira payokha. Safunsa anadya phula. Chipatala chimodzi chomwecho chimachita zonse ziwiri, ndipo n'zosavuta kuvomera zomata zoyera pa dzino la kumbuyo kapena kukatsukitsa kwa hygienist (katswiri wotsuka mano) osadziwa kuti mwatuluka mu NHS. Funsani kuti, ichi chili mbali iti?

Pali mawu amodzi mu imelo yanu amene ndikufuna tikambirane, akuti "ndikangozulitsa". Kwathu tinazolowera kuti kupita kwa a mano ndiye kukazula, ndipo pali chifukwa chake. Timapita dzino litafika kale pothera, zipatala za m'maboma zipangizo n'zochepa, ndipo madokotala a mano m'dziko lonse ndi owerengeka. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene pano ili pansi pa yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow. Sindikunyoza kwathu ayi, ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuli zipatala zimene zimamata ndi kuchita root canal bwinobwino. Koma tchuthi cha masabata atatu, chogawana ndi maukwati, ziliza ndi achibale, si nthawi yokwanira ntchito yofuna kubwererako kangapo, ndipo chikavuta mutabwerera kuno muyambiranso pa 111.

Dzino la kunsagwada ndi limene limatafuna nyama ndi chimanga chokazinga. Likachoka, oyandikana nalo amayamba kupendekera pa mpatawo, ndipo loikirira lobzala m'fupa NHS sipereka kwa anthu wamba, kwa odzilipirira ndi mapaundi masauzande. Pa NHS kuzula ndi root canal zili pa mtengo umodzi, ngakhale kuti dzino la kumbuyo likachitidwa root canal kawirikawiri limafunanso crown, ndiye mufika pa gulu lachitatu. Choncho dokotala akanena kuti lingapulumuke, ine ndingalipulumutse. Akanena kuti lasweka mpaka ku muzu, lichoke, osalilira. Mukazulitsa, tsiku loyamba musachukuche m'kamwa, musamwere pa kapaipi, musasute, kuti magazi oundana pa balapo asachoke, chifukwa akachoka ululu wake umaposa wa dzino lija. Phala lozizirako ndi nthochi zikusungani.

Nanga 111 ikakupatsani tsiku lakutali, ululu n'kumakulirakulira? Pamenepo lipirani kamodzi kwa odzilipirira, akupimeni, akujambuleni, aletse ululu. Sizikutsekerani khomo la NHS, ndipo simukakamizidwa kupitiriza nawo ntchito yonse. Funsani mtengo pa foni musanapite, chifukwa aliyense ali ndi wake, ndipo root canal ya dzino la kumbuyo kumeneko imafika mapaundi mazana angapo. Pemphani kuti akutumizireni zithunzi za ekisire pa imelo mukapite nazo kwina. Dzina la dokotala aliyense wovomerezeka limapezeka pa kaundula wa General Dental Council, bungwe loyang'anira madokotala a mano, pa intaneti. Poti muli ku Leeds, yesaninso ku Leeds Dental Institute, kumene ophunzira a yunivesite amathandiza anthu moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. Nthawi zina amalandira anthu ongodzipereka, ntchito imayenda pang'onopang'ono ndipo amasankha mavuto ogwirizana ndi maphunziro awo, ndiye si kothamangira ndi ululu wa usiku uno, koma kwa mano enawo n'koyenera kufunsa.

Imbani 111 lero musanapite ku shifiti, ndipo mawa m'mawa muyambe mafoni a mndandanda, dzina la mwana pamodzi ndi lanu. Mundilembere mmene zayendera. Amene muli ku Leeds ndi madera ozungulira, ngati mukudziwa chipatala chimene chikulandira a NHS mwezi uno, nditumizireni uthenga ndiwapatsire achemwaliwa.