Usanaimbe Miserere, uyambe wadziwa amene akulira

Mdzukulu wina wandilembera kuti kwaya yawo ikuphunzira nyimbo zachilatini za nyengo ya Lenti. Akuti Miserere imamugwetsa misozi, koma mawu ake sawamva, ndipo anzake akumuseka kuti nzongodzionetsera. Akufunsa ngati asiye.

Usasiye, mdzukulu wanga. Ife tinakula Misa ikuchitika m'Chilatini, msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 usanatsegule khomo la zilankhulo zathu. Amayi anga sankadziwa kuwerenga, koma akafika pa mea culpa ankadziguguda pachifuwa katatu, mutu uli pansi. Ankadziwa kuti akunena kuti cholakwa nchanga.

Miserere ndi Salimo 51. Wolirayo ndi Mfumu Davide, atatenga Batiseba, mkazi wa Uriya, nkuphetsa mwamunayo kunkhondo. Anakhala chete ngati palibe chachitika mpaka mneneri Natani anamuloza chala. Mawu oyambawo, Miserere mei, Deus, akuti mundichitire chifundo, Mulungu. Taona, sakunena kuti mkaziyo ndiye anamukopa, kapena kuti ufumu unamusokoneza mutu. Ana a lero mukalakwa mumati "pepani ngati ndakulakwirani". "Ngati" ameneyo Davide alibe.

Gregorio Allegri, wansembe woimba ku Sistine Chapel ku Rome, anaika Miserere pa maimbidwe ake cha m'ma 1630, makwaya awiri akulandizana. Inkaimbidwa m'Sabata Loyera, makandulo akuzimitsidwa imodzi imodzi mpaka mdima. Mumdima simuonetsana zovala kapena mawu okoma.

Ukamaimba Agnus Dei, nyimbo ya Mwanawankhosa wa Mulungu, yomwe Papa Sergius woyamba anailowetsa mu Misa kumapeto kwa zaka za m'ma 600, ukuvomera kuti mlandu wako anaulipira ndi wina, Mwanawankhosa. Nchifukwa chake kuyamika kumabwera pambuyo. Ngakhale mu salimo lomwelo Davide ayamba wapempha mtima woyera, kenako ndiye akuti tsegulani milomo yanga ndikutamandeni. Te Deum, nyimbo yothokoza ija, imakoma pakamwa pa munthu amene wakhululukidwa.

Tsono pempha aphunzitsi a kwaya akulembereni tanthauzo pansi pa mzere uliwonse. Madzulo uwerenge 2 Samueli 11 ndi 12. Ukamaliza, ukaganizire amene sukuyankhulana naye, kapena amene unamubwereka ndalama nkumamuzemba panjira. Upite kwawo Lachisanu Loyera lisanafike, ukhale pansi, umuuze kuti unalakwa ndiwe.