Dzenje la Chingwe ndi bodza lomwe ndinkagulitsa

Lachiwiri usiku ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Chinamwali amene amaperekeza alendo pa phiri la Zomba. Akuti, "Nkhani ya Dzenje la Chingwe timawauza alendo ija ndi yoona? Mlendo wina anandifunsa umboni ine kusowa chonena, manyazi." Achimwene, ndinawerenga kawiri n'kuyamba kuseka ndekha mpaka mayi akunyumba kufunsa ngati zili bwino, chifukwa ntchito mukugwirayo ndinaigwirako, ndipo mbali ina ya bodza likukuvutanilo mwina mwini wake ndine.

Nthawi imene ndinali ku Chanco (Chancellor College), kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndalama kwathu kunalibe, ndiye Loweruka ndinkadzuka m'mamawa kukwera phiri wapansi kudzera Potato Path n'kukaima cha ku Ku Chawe kuja komwe anyamata amagulitsa masitiroberi ndi ziboliboli, kudikira mzungu wofuna kuonetsedwa njira. Nkhani yomwe ndinaipeza kwa anzanga inali yaifupi: kale mafumu ankaponyamo anthu akhate. Ena ankati ayi, ankaponyamo adani awo. Ena n'kuwonjezera kuti dzenjelo lilibe pothera ndipo mitembo inkakatulukira kumunsi uko ku Namitembo, n'chifukwa chake dzinalo. Basi inkathera pomwepo. Koma ine sindinachedwe kuona kuti nkhani ikakula, kangachepe kolowa m'thumba nakonso kamakula. Tsiku lina ndili ndi banja lina lochokera ku Germany, mayi wake atagwira kamwana kawo mwamphamvu m'mphepete muja, ndinangoyankhula zobwera m'mutu, ndinati mfumu inkamumanga munthu ndi chingwe chaluzi, kumutsitsa pang'onopang'ono akukuwa, kenako kudula chingwecho ndi nkhwangwa. Palibe anandiuzapo zimenezo. Ndinangoona kuti dzina lili ndi chingwe ndiye chingwecho chigwire ntchito. Tsiku limenelo ndinadya nyama.

Patapita zaka zoposa makumi awiri ndinapita kudzenjeko ndi ana anga, kamnyamata kogulitsa miyala yonyezimira ija kanatitsatira n'kuyamba kufotokoza, ndipo ndinangoti kukamwa yasa nditamva luzi langa lija ndi nkhwangwa yanga ija, zonse zilimo, koma tsopano akuti "agogo anga anaona ndi maso awo." Ndinafuna kumuuza kuti iwe, agogo akowo ndine, koma ana anali pomwepo. Mwana wanga wamkulu anatola mwala n'kuponya, tonse tinaumva ukugunda pansi, kamnyamatako sikanatekeseke n'komwe, kanati umenewo wagunda pakhoma.

Chomwe ndinachiiwala kunena n'chakuti nthawi imene ine ndinkaperekeza alendo panali nkhani ina ya dzenje lomwelo imene sitinkawauza azungu, tinkangonong'onezana ku hostel. Mmenemo oponyedwa sanalinso akhate, anali anthu andale osowa. Umboni wake sindinauonepo ndipo sindikhulupirira. Koma taganizani, ndende ya Mikuyu ili pompano ku Zomba, anthu ankatsekeredwa zaka popanda mlandu kuzengedwa, Jack Mapanje yemwe ankaphunzitsa pa Chanco pomwepo anamangidwa mu 1987 n'kudzatuluka mu 1991. Zimenezo si nthano, zinachitika. Kutchula Mikuyu pagulu kunali kudziitanira mavuto, koma dzenje la mafumu akale unkatha kulitchula. Ndiye mantha a Mikuyu anakwera phiri n'kukalowa m'dzenje muja. Apa mpomwe ine ndaimapo ndipo sindisunthika: nthano ikasintha, chasintha si zimene zinachitika kalelo ayi, chasintha ndi chimene ofotokozawo akuopa kapena akufuna lero. Ine ndinkafuna ndalama ya sopo, anzanga ankafuna pobisa mantha.

Za Napolo ndiye zinanso. Agogo anga aakazi anali mtsikana mu December 1946 pamene mvula inagwa yosalekeza pa phiri la Zomba, madzi, matope ndi miyala zikutsika kulowa m'tauni, milatho kukokoloka, anthu kufa. Iwo mpaka kumwalira kwawo sanatchulepo mawu oti chigumukire, ankati Napolo anadutsa, chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chikafuna kusamuka chimang'amba nthaka kulowera kunyanja. Ndikawafunsa kuti munachiona, ankati "iwe mwana, ukachiona ukhalanso ndi moyo?" Mu 1991 ku Phalombe anthu anati Napolo. Mu March 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa matope ku Chilobwe kuchokera m'phiri la Soche, Napolo anabweranso koma ulendo uno pa WhatsApp, ndi mavidiyo a njoka zojambulidwa kaya kudziko liti. Chimene chimachitika n'chodziwika, dothi la pamalo otsetsereka likamwa madzi masiku angapo limalemera n'kusiya kugwirana ndi thanthwe lapansi, ndiye limatsetsereka lonse pamodzi ndi miyala ndi mitengo, ndipo pomwe mitengo inadulidwa zimafulumira. Mukayang'ana chipsera chotsala paphiri chimakhaladi chokhotakhota ngati podutsa njoka. Ndiye anthu ophunzira amene amaseka agogo ngati amenewa amandikwiyitsa, kunena zoona. Agogo ankaletsa kumanga nyumba "m'njira ya Napolo", ankati amabwerera momwe anadutsa kale, ndipo pamenepo sanalakwe ngakhale pang'ono. Njoka kulibe, njira ilipo. Ife odziwa mawu achingerezi ndi amene tikugula mapuloti m'makhwawa.

Ndasochera eti. Koma poti tayamba, tengani John Chilembwe, amene nkhope yake ili pa K500 ndi K2000 m'thumba mwanumo. Zolembedwa zilipo zambiri: anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, anabwerako mu 1900 n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe ku Chiradzulu. Usiku wa 23 January 1915 anthu ake anaukira ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, n'kudula mutu wa William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo. Pa 3 February Chilembwe anamuwombera cha ku Mulanje akuthawira ku Mozambique, tchalitchi chake anachiphulitsa. Masiku onsewo sakukwana milungu iwiri. Koma tamvani mmene munthu mmodzi yemweyu wasinthira. Kwa atsamunda anali wopenga wosokoneza anthu. Kumidzi kunkamveka kuti sanafe, zipolopolo sizinkamulowa, anazimirira ndipo adzabwera, ndipo n'zosadabwitsa poti anamuika mwakabisira manda ake osaonetsedwa, munthu amene manda ake simunawaone mumuletsa bwanji kukhala moyo m'kamwa mwa anthu? Titalandira ufulu anasanduka tate wa ufulu, lero tili ndi holide pa 15 January ndipo wandale aliyense amapeza Chilembwe wogwirizana ndi chipani chake. Za mutu wa Livingstone umene unaonetsedwa m'tchalitchi Lamulungu lotsatira, pa mwambo wa holide simuzimva. Za thangata, misonkho ndi kalata yake yodandaula kuti Amalawi akufera nkhondo ya azungu ya 1914, atsamunda sankafuna kuzimva. Aliyense amadula mbali yomuwawa.

Ndipo musaganize kuti zolembedwa ndiye zoyera. Zambiri za 1915 zinalembedwa ndi boma lomwe linkanyonga anthuwo, mafunso ankafunsa ndi iwo, womasulira anali wawo, woyankha ali ndi unyolo. Munthu woopa chingwe amayankha zomwe akuganiza kuti bwana akufuna kumva. Ndiye pepala nalonso ulifunse kuti wakulemba ndani, monga momwe ungamufunsire gogo kuti anakuuzani ndani.

Zina n'zazing'ono koma zimandinyansa chifukwa kukonza kwake n'kosavuta. Pa Queen's View, malo oonerapo kumunsi paphiri pomwepa, ndamvapo operekeza alendo angapo akunena kuti panaima Elizabeth II. Ayi, anali mayi ake, Queen Mother, mu 1957. Emperor's View ndi ya Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anabwera mu 1965. Winanso anawauza alendo kuti likulu litasamukira ku Lilongwe zonse zinachoka tsiku limodzi, chonsecho likulu linasamuka mu 1975 koma aphungu anapitiriza kukumana kuno ku Zomba mpaka 1994. Izi sizifuna nthano, zimangofuna kuwerenga.

Ndiye mutani pa dzenje paja?

Musasiye kufotokoza nkhaniyo, ingosinthani mawu oyambira. Zomwe zili ndi chaka ndi pepala nenani molimba mtima. Zinazo yambani ndi "anthu akuno amati", ndipo muwauze kuti ziliko mitundu ingapo, akhate, adani, andale, mlendo wanzeru amakonda zimenezo kuposa bodza limodzi losalala. Akafunsa umboni muyankhe kuti ndi nkhani yapakamwa, mulibe manyazi mmenemo. Mukamva zatsopano funsani kuti wanena ndani, iye anamva kwa yani, nanga akupindulapo chiyani. National Archives ili konkuno ku Zomba, tsiku lopanda alendo pitaniko, komanso kachezeni ndi akuluakulu a ku Namitembo padera padera, osati pagulu, muone pomwe akugwirizana.

Koma luzi ndi nkhwangwa zija chonde zichotseni, n'zanga. Mwezi wamawa ndikwera ndi adzukulu, mukaona mdala wa chipewa chofiira akupuma kawirikawiri pa Potato Path ndi ineyo, mudzandiperekeze ndidzamve mmene mukuifotokozera.