Nkhuku zanga zikuikira mazira a zigoba zofewa

FUNSO: Ndili ndi nkhuku za Mikolongwe 12 zimene ndimaweta m'khola kuseri kwa nyumba. Chiyambire mwezi wa Okutobala, mazira ambiri akumasweka ndikangowagwira, ndipo ena akumatuluka ofewa ngati chikopa. Chakudya chogula chitakwera mtengo ndinayamba kuzipatsa madeya ndi zotsala za kukhitchini. Kodi ndi matenda? Mayi wa ku Balaka.

YANKHO: Mayi, ndikukayika ngati ali matenda, chifukwa gwero la vutoli mwalitchula nokha. Chigoba cha dzira chimapangidwa ndi mchere wa kashiamu, ndipo dzira limodzi limatenga magalamu pafupifupi 2, moti nkhuku yoikira imafunika kudya magalamu okwana ngati 4 patsiku. Madeya amakhutitsa, koma kashiamu ali m'menemo ndi wochepa kwambiri. Nkhuku ikamusowa m'chakudya imayamba kumutenga m'mafupa ake, n'chifukwa chake masabata oyamba mazira amaoneka abwinobwino, kenaka zigoba zimapyapyala ndipo nkhuku zina zimafooka miyendo.

Kutentha kwa ku Balaka nyengo ino kukuwonjezera vutoli. Nkhuku ikamapuma wefuwefu kukamwa kuli yasa imadya pang'ono, komanso imataya mpweya wina umene thupi limagwiritsa ntchito poumba chigoba. Ikani mthunzi pakhola ndipo madzi ozizira asamasowe.

Ngati thumba lingalole, bwererani ku layers mash, chakudya chogula cha nkhuku zoikira. Apo ayi, gulani laimu wa ziweto m'sitolo za zipangizo zaulimi, kapena sinjani zigoba za nkhono, n'kuika m'kambale kapadera kuti nkhuku iliyonse izidya mmene ikufunira. Laimu wopaka nyumba musayerekeze, amawotcha. Posinja musachite kusalaza ngati ufa, ndipo muziwonjezera m'kambalemo chakumadzulo. Dzira limatenga maola 24 mpaka 26 kuti lipangike, ndipo pafupifupi maola 20 mwa amenewa ndi oumba chigoba, makamaka usiku nkhuku isakudya, choncho timibulu tokulirapo timakhalitsa m'nthutumba n'kumasungunuka pang'onopang'ono pa nthawi yofunikayo. Zigoba za mazira enieniwo zimathandizanso, malinga mwazikazinga ndi kuziphwanya kuti nkhuku zisazolowere kujompha mazira awo. Nkhukuzo zitulutseniko padzuwa m'mawa, popeza dzuwa limathandiza thupi kupanga vitamini D, amene amathandiza kuyamwa kashiamu.

Simunanene msinkhu wa nkhuku zanu. Nkhuku yokalamba imaikira dzira lalikulu pamene chigoba sichiwonjezekera, motero chimapyapyala ngakhale chakudya chili chabwino.

Koma mukaona zigoba zamakwinya, mazira atachepa mwadzidzidzi, nkhuku zikutsokomola, kutsegula m'mimba zobiriwira kapena kupinda khosi, patulani zodwalazo ndipo pitani msanga kwa mlangizi wa ziweto, chifukwa chitopa ndi matenda ena a m'chifuwa amawononganso zigoba. Ngati zizindikirozi palibe, sinthani chakudya ndipo mudikire sabata imodzi kapena ziwiri kuti muone kusintha.